Musanagule makina ochepetsera thupi, yang'anani kaye chipande ndi botolo la mafuta

Anthu ambiri muno mu Blantyre akaganiza zochepetsa thupi amayamba ndi kufunsa mtengo wa makina. Wina waona treadmill (makina oyendapo kapena kuthamangapo uli pamalo amodzi) ikutsatsidwa pa Facebook, wina walozeredwa njinga yopalasira m'nyumba m'sitolo ina ku Limbe. Funsolo si loipa, koma labwera msanga. Munthu wolemera makilogalamu 80 akayenda ndawala kwa mphindi 30 amawotcha makalori (muyezo wa mphamvu imene thupi limapeza m'chakudya) pafupifupi 150. Botolo limodzi la 300 ml la chakumwa chotsekemera limabwezera pafupifupi onsewo, ndipo supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori 120. Thupi limatsika makamaka chifukwa cha zimene zasintha m'mbale. Masewera olimbitsa thupi amateteza minofu, amalimbitsa mtima, komanso amathandiza kuti mafuta amene achoka asabwerere. Zonse ziwiri n'zofunika, koma kusintha kuyambire kukhitchini.

Choyamba dziyezeni, ndipo tepi ya telala ndi yokwanira. M'mawa musanadye, imani chilili, tulutsani mpweya osakoka mimba, n'kuzunguliza tepi pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Muyezowo usapose theka la msinkhu wanu: wamtali 160 cm mimba yake isapitirire 80 cm. Ngati mwakwera pa sikelo, gawani kulemera kwanu ndi msinkhu wa m'mamita wochulukitsidwa ndi womwewo. Wolemera 80 kg wamtali 1.6 m agawa 80 ndi 2.56, apeza 31. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati kuyambira 25 thupi lapitirira muyezo, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa kobweretsa matenda. Cholinga chikhale kutsika ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Wolemera 90 kg akachotsa makilogalamu 5 mpaka 9, BP ndi shuga zimayamba kale kusintha, ngakhale zovala zisanakhwepe kwenikweni.

Amene muli ndi BP, matenda a shuga, kupweteka pachifuwa kapena befu wosadziwika chiyambi chake, onanani ndi achipatala musanayambe. Amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga akhoza kukomoka akachepetsa chakudya mankhwala ali chimodzimodzi. Amayi oyembekezera asayambe zochepetsa thupi. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene dziko lathu linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, amanenepetsa anthu ena, monganso jakisoni wolera wa miyezi itatu. Musasiye mankhwala, kambiranani ndi amene amakupatsani. Ndipo ngati thupi likutha lokha musanasinthe kalikonse, pitani mukayezetse shuga, TB ndi HIV.

Nsima sitikukuletsani. Amene amaisiyiratu nthawi zambiri amapirira masabata awiri, kenako n'kubwerera ndi njala yoopsa. Chimene tikufuna chisinthe ndi malo amene nsima imatenga m'mbale. Theka la mbale likhale masamba: bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, kholowa, khwanya, kabichi. Theka lotsalalo ligawidwe pawiri, mbali ina nsima, mbali ina nyemba, nandolo, usipa, matemba, mazira kapena nyama yopanda mafuta. Mtanda ufanane ndi chibakera chanu. Ngati munazolowera mitanda itatu, tsikirani pa iwiri kwa masabata awiri, kenako umodzi ndi theka. Zipande zimasiyana kukula, ndiye sankhani chimodzi chaching'ono chikhale chanu. Pakulani m'mbale yanuyanu, chifukwa podyera pamodzi m'bakuli dzanja silidziwa kuti lapita kangati. Yambani ndi masamba, nsima ibwere pambuyo.

Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa madeya ake amachedwetsa kugayika kwa chakudya, munthu n'kukhala wokhuta nthawi yaitali. Koma makalori ake sasiyana kwenikweni ndi a ufa woyera, choncho mitanda itatu ya mgaiwa idzakunenepetsanibe. Cholakwika china chofala ndi kuphatikiza zokhutitsa pa chakudya chimodzi: mpunga ndi chips, nsima ndi mbatata, tiyi wa buledi kuwonjezerapo chinangwa. M'magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa m'dziko muno, zonsezi zili m'gulu limodzi. Sankhani chimodzi pa nthawi.

Mafuta ophikira ndiwo amabisala kwambiri. Lita imodzi ili ndi makalori oposa 8,000, ndipo wothira kuchokera m'botolo sadziwa kuti wathira angati. Lembani tsiku pa botolo mukalitsegula, muone kuti litha liti. Kenako yambani kuyeza ndi supuni: imodzi kapena ziwiri zazikulu zimakwanira poto wa ndiwo za banja lonse ngati anyezi ndi tomato aphikidwa pa moto wochepa. Masamba otendera asathiridwenso mafuta, nsinjiro ili nawo kale ambiri. Nkhuku ichotsedwe khungu, nsomba iwambidwe kapena iphikidwe ndi tomato m'malo moimiza m'chiwaya. Peyala ndi chipatso chabwino, koma theka ndi lokwanira.

Werengani shuga wa mu tiyi. Masupuni atatu m'kapu, makapu atatu pa tsiku, akwana 9. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapose magalamu 50 patsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo ndi bwino kwambiri kukhala pa 6. Muyezowu ukuwerengera ndi shuga wa m'zakumwa za m'mabotolo, Sobo, maheu ndi thobwa lothira shuga. Chotsani theka la supuni sabata iliyonse, lilime limazolowera. Mowa nawo uli ndi makalori ambiri, ndipo kawirikawiri umabwera ndi kanyenya.

Ogwira ntchito m'tauni ali ndi vuto lawolawo. Amachoka ku Machinjiri kapena ku Bangwe kusanache osalawa kanthu, 10 koloko agula mandasi awiri, masana ali pa chiwaya, madzulo afika ndi njala yoti mitanda iwiri siingathetse. Kulumpha chakudya kotereku sikuchepetsa thupi. Nyamulani kontena: mbatata yophika, nyemba zotsala dzulo, dzira lowiritsa, nthochi kapena gwafa. Botolo la madzi likhale pa desiki. Madzi otentha a mandimu sasungunula mafuta. Amathandiza pokhapokha ngati alowa m'malo mwa tiyi wa shuga.

Tsopano za zida. Langizo lathu ndi lakuti mwezi woyamba musagule chilichonse kupatula nsapato zabwino, zokhala ndi mpata wa chala chimodzi kutsogolo ndi pansi posatha mbali imodzi. Pa kaunjika zimapezeka. Mzinda wathu ndi wa zitunda, ndipo wokhala ku Ndirande, Chilomoni kapena Soche ali kale ndi pokwera pamene ena amalipira kuti apapeze pa makina. Tsikani minibasi pa Ginnery Corner n'kumalizitsa wapansi. Liwiro loyenera ndi loti mukhoza kuyankhula koma simungathe kuyimba. WHO imati munthu wamkulu azichita masewera otere mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mukakwanitsa masabata anayi, mudzadziwa chimene chimakulepheretsani, kaya ndi mvula ya mu Januwale, chiperoni cha mu Juni, mdima wa m'mawa kapena mawondo. Chida chimene mugule chiyankhe vuto limenelo.

Zonyamula muli nazo kale. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye mabotolo awiri a malita awiri ndi poyambira pabwino, ndipo chigubu cha malita 5 chodzaza mchenga wouma chimafika pafupifupi makilogalamu 8. Gwirani chigubu pachifuwa, khalani pa mpando n'kudzuka osagwira paliponse, maulendo 10 mpaka 12. Wetamani msana uli wowongoka, dzanja limodzi pa mpando, kokerani chigubu m'chiuno. Kankhani khoma kapena m'mphepete mwa tebulo lolimba. Kwerani ndi kutsika sitepe ya pakhonde yotalika pafupifupi 20 cm. Chitani zonsezi maulendo atatu, mukupumula mphindi imodzi pakati. Mukafika pa 15 osavutika, wonjezerani mchenga. Minofu ikamapweteka tsiku lachiwiri palibe chodetsa nkhawa, koma ululu wobaya m'bondo kapena m'msana ndi chizindikiro chosiyira pomwepo.

Chingwe chodumpha n'chotsika mtengo ndipo chimatopetsa msanga. Pondani pakati pake, zogwirira zifike m'khwapa. Koma ngati muyezo uja wogawa kulemera ndi msinkhu wapitirira 30 kapena mawondo amavuta, chisungeni kaye, chifukwa kudumpha pa simenti kumapweteka mawondo ndi akakolo. Malamba a labala okokakoka ndi abwino kwa okhala m'nyumba ya chipinda chimodzi. Asungeni kutali ndi dzuwa, ndipo musanakoke atambasuleni muone ngati ayamba ming'alu. Lamba woduka ali wokokedwa amamenya kumaso.

Zitsulo zonyamula za amisiri owotcherera zimagwira ntchito bwino mukazisankha mosamala. Ikani mbali iliyonse pa sikelo, chifukwa zoumba ndi simenti m'zitini kawirikawiri zimasiyana kulemera, ndipo zikatero msana umapendekera mbali imodzi. Yang'anani powotcherera ngati palibe timabowo kapena dzimbiri, ndipo pemphani zotsekera kumapeto kwa ndodo kuti zolemera zisapulumuke. Benchi ligwedezeni musanagonepo. Musanyamule chitsulo pamwamba pa chifuwa muli nokha m'nyumba.

Pa makina onse, ife timaika njinga yopalasira patsogolo kwa munthu wolemera kwambiri. Siisowa magetsi, siitenga malo, ndipo thupi limakhala pa chishalo osati pa mawondo. Zilipo za mitundu iwiri. Ina imalimbitsidwa ndi kansalu kokhuthala kamene kamakanda gudumu, ndipo kansaluko kamatha, kamachita phokoso, n'kufuna kusinthidwa. Ina imagwiritsa ntchito maginito, siikhudza gudumu, ndiye imakhala chete ndiponso imakhalitsa. Palasani mphindi zisanu musanalipire, mumve ngati pali kugogoda pa zopondera. Kwezani chishalo mpaka bondo lipinde pang'ono chabe phazi likafika pansi penipeni. Chishalo chotsika ndicho chimapweteketsa mawondo a anthu ambiri, iwo n'kumati njinga ndi yoipa.

Treadmill imafuna kuiganizira kwambiri. Werengani kachikwangwani kamene kali pafupi ndi waya. Magetsi athu ndi a 230 V, koma makina ogwiritsidwapo kale ochokera ku America amakhala a 110 V kapena 120 V, ndipo mukangowalumikiza popanda thiransifoma amapsa nthawi yomweyo. Pa mphamvu ya mota funani nambala yolembedwa CHP, yosonyeza mphamvu imene mota imapereka mosalekeza: 2.0 ndi yokwanira kuyenda, wothamanga afune 2.5 kapena 3.0. Nambala yaikulu yolembedwa peak ndi ya kanthawi kochepa chabe. Lamba akhale wotalika 120 cm kwa woyenda, 140 cm kwa wothamanga. Onaninso malire a kulemera, ndipo akhale pamwamba pa kulemera kwanu ndi makilogalamu 15 kapena 20. Kwerani muyende mphindi 10. Lamba akamadoda mukaponda, kapena mukamva fungo la kupsa, asiyeni. Funsani ngati lamba ndi bolodi ya magetsi zimapezeka muno, chifukwa ziwirizi ndi zimene zimayamba kufa. Kunyumba, lumikizani kudzera pa chotetezera magetsi obwera mwamphamvu, muzizula pulagi mukamaliza, muzisesa fumbi pansi pake makamaka mu Okutobala, ndipo pansi pa lamba muzithira mafuta a silicone okha, osati oyilo wa galimoto, amene amaononga labala. Kachingwe kozimitsira kakhale komangirira pa malaya nthawi zonse. Ana asayandikire, lamba woyenda amasupula khungu la tizala. Ngati kwanu magetsi amathimathima nthawi ya m'mawa ndi madzulo, yomwe ndi nthawi yanu yochitira masewera, njinga ikutumikirani bwino koposa.

Malamba otenthetsa mimba, makina onjenjemeretsa chiuno ndi kudzikulunga m'mapepala apulasitiki musataye nazo ndalama. Zimatulutsa thukuta, ndipo thukuta ndi madzi amene amabwerera mukangomwa. Masewera opinda mimba amalimbitsa minofu ya pamimba koma sachotsa mafuta a pamalopo pokha. Matiyi ambiri otchedwa ochepetsa thupi amakhala ndi zotsegula m'mimba kapena zokodzetsa, zomwe zimatha madzi ndi michere m'thupi, ndipo n'zoopsa kwa omwa mankhwala a BP kapena a mtima.

Kwathu kuno kunenepa timakuyamikira. "Mwanenepatu achimwene, zikuyenda!" Ndiye thupi likayamba kutsika mafunso abwera: "Kodi mayi muli bwinobwino?" Ambiri amasiyira pamenepa. Auzeni a m'nyumba mwanu musanayambe, makamaka amene amaphika, kuti asaone ngati mukunyoza chakudya chawo.

Kwerani pa sikelo kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, m'mawa, sikelo ili pa simenti osati pa mkeka. Amayi adziwe kuti masiku oyandikira kusamba thupi limasunga madzi, nambala n'kukwera kwa masiku angapo. Sikelo ikaima masabata atatu, tengani tepi. Ngati mimba ikuchepa, pitirizani momwemo. Ngati zonse zaima, lembani chilichonse chimene mwadya ndi kumwa kwa masiku atatu, limodzi mwa masikuwo likhale Loweruka, ndipo muonenso tsiku lija munalemba pa botolo la mafuta.