Khutu liyambe, zala zitsatire

Disembala akangofika, ana omwe ndimawaphunzitsa piyano kuno ku Ulongwe amabwera ndi nyimbo za Khirisimasi za pa wailesi, kufuna kuziimba tsiku lomwelo. Ine ndimati manja akhale pamiyendo kaye.

Mverani nyimboyo katatu, khutu lili pa besi, osati pa woimba. Besi ikasuntha, nthawi zambiri chord (manotsi angapo oimbidwa pamodzi) yasinthanso; ombani m'manja pomwepo. Zambiri zimayenda pa ma chord atatu okha, mu kiyi ya C ma chord ake ndi C, F ndi G. Ngakhale Silent Night ya Franz Gruber, ya 1818, imakwana pamenepo, ndipo poyamba anaiimba ndi gitala. Timabelu tomwe mumamva m'nyimbozi n'tokometsera chabe, tisakusokonezeni.

Kwaya ikalephera kukwera, tsitsani nyimboyo ndi batani la transpose, losinthira kiyi pa piyano yamagetsi. Ngakhale ine ndimalidina, palibe manyazi.