Momwe mungaphunzirire kuphika pa mapologalamu a pa TV osanamizidwa ndi kamera

Mwaonera wophika wina pa TV akudula anyezi, waponya m'chiwaya, watembenuza kawiri katatu, ndipo kamera ikabwereranso anyezi uja wafewa, wafiira bii, akunyezimira. Inu mwalowa m'khitchini mwanu, mwachita ndendende momwe munaonera, koma chotuluka ndi anyezi wopserera m'mbali, wamuwisi pakati. Ine izi zinandichitikira kangapo, mpaka ndinayamba kudzikayikira. Ndinadzazindikira mochedwa kuti kamera inadula mphindi zambiri zomwe anyezi uja anakhala pamoto. Mapologalamu a zophika angakuphunzitseni zambiri, bola mudziwe poyang'ana ndi zoti muzingozisiya. Nawa masitepe ake.

Choyamba: dziwani pologalamu yomwe mukuonera

Ilipo ya mitundu iwiri. Ina cholinga chake ndi kuphunzitsa, ina ndi mpikisano. Pa yophunzitsa, dzina lomwe limatchulidwa kwambiri ndi la mayi wa ku America, Julia Child, yemwe pologalamu yake The French Chef inayamba mu 1963 pa kanema wa mumzinda wa Boston. Masiku amenewo ankajambula osaduladula, choncho zolakwika zinkaoneka poyera. Tsiku lina akutembenuza mbatata m'chiwaya, gawo lina linagwera pa chitofu, iye anangotola n'kubwezera, n'kupitiriza. Woonera amaphunzirapo kanthu pamenepo: zikavuta umakonza bwanji.

Mipikisano ndi nkhani ina. MasterChef inayamba pa BBC mu 1990, The Great British Bake Off mu 2010, ndipo Hell's Kitchen ya wophika wa ku Britain, Gordon Ramsay, inafika ku America mu 2005 ndi mkuwo wake wonse. Kumeneko chomwe akugulitsa ndi misozi, kuthamanga ndi wotchi yomwe ikutha. Oneranibe, n'zosangalatsa, koma tcherani khutu pa mphindi yomwe oweruza akulawa. Akamati mchere wachepa, nyama yauma, keke sinapse pakati, phunziro lili pomwepo. Zotukwana ophika zisiyeni pa TV pomwepo. Sindinaonepo chakudya chomwe chinakoma chifukwa wina wakalipiridwa.

Chachiwiri: musakhulupirire wotchi ya pa TV

Kuti anyezi afewe mpaka kufiira ndi kutsekemera, pamafunika mphindi 40 kapena kuposa pamoto wochepa, mukutembenuza apo ndi apo. Pa TV zimaoneka ngati mphindi zisanu. Chomwe simuona n'choti kuseri kuli anthu omwe asenda adyo, atsuka masamba, ayeza ufa, ndipo nthawi zambiri aphika kale mbale ina yomwe wophika amangotulutsa mu uvuni akumwetulira. Otsuka mapoto nawonso alipo, kamera siwafuna.

Inu kunyumba ntchito zonsezi ndi zanu. Ndiye chitani zomwe ophika a m'malesitilanti amazitcha mise en place m'Chifalansa, kutanthauza kuika chilichonse pamalo pake. Werengani kapena onerani ndondomeko yonse mpaka kumapeto musanagwire mpeni. Dulani zonse zofunika kudula, yezani zofunika kuyeza, muike m'timbale pafupi ndi chitofu. Mukatero ndiye yatsani moto. Adyo amapserera msanga kwambiri, ndipo kawirikawiri amapserera pamene mwatembenuka kukafuna tomato yemwe simunadule.

Chachitatu: yang'anani manja a wophika

Pano ndiye pali chuma chenicheni cha mapologalamuwa. Ngati mukuonera pa YouTube, chepetsani liwiro la kanema mpaka theka, muone momwe wagwirira mpeni. Ophika ambiri odziwa ntchito amatsina chitsulo cha mpeni ndi chala chachikulu ndi chala cholozera, pafupi ndi chigwiriro, zala zitatu zotsalazo n'kuzenga chigwirirocho. Dzanja linalo, lomwe lagwira chodulidwa, zala zimapindikira mkati ngati zikhadabo za mphaka, chala chachikulu chibisale kumbuyo. Mpeni umatsetsereka motsamira mfundo za zala, nsonga za zala zili kutali ndi kuthwa.

Pansi pa thabwa lodulirapo yalani kansalu konyowa kuti lisamatereke. Mpeni ukhale wakuthwa, chifukwa wobuntha umafuna mphamvu, ndipo ukaterereka pa khungu la tomato umakathera pa chala. Chitsulo chachitali chomwe ophika a pa TV amakhulapo mpeni modzionetsera chija sichinola kwenikweni, chimangowongola kuthwa komwe kwapindika. Kunola ndi ntchito ya mwala.

Za liwiro iwalani kaye. Munthu amene mukumuonerayo wadula matumba a anyezi osawerengeka. Inu limbikirani kuti zidutswa zifanane kukula, chifukwa zikasiyana, zazing'ono zimapserera zazikulu zisanapse.

Chachinayi: mvetsani nkhondo ya moto ndi madzi

Kufiira kokoma kwa nyama yokazinga, kapena kwa khungu la buledi, kumabwera shuga ndi zomanga thupi za m'chakudya zikakumana pa kutentha kwakukulu. Katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, anafotokoza zimenezi mu 1912, ndipo mpaka lero zimatchedwa ndi dzina lake. Zimachitika mwachangu kutentha kukafika cha m'ma madigiri 140 a Celsius. Koma madzi amawira pa madigiri 100, ndipo malinga ngati pamwamba pa nyama pali ponyowa, kutentha sikungadutse pamenepo. Nyama imangowira m'madzi ake, n'kusanduka yotuwa.

Ndiye pukutani nyama iume musanaike m'chiwaya. Dikirani chiwaya chitenthe, mafuta ayambe kunyezimira. Musadzaze: siyani mpata pakati pa nthuli kuti nthunzi ithawe, ndipo ngati nyama ndi yambiri kazingani maulendo awiri. Kenako isiyeni. Apa ambirife timalephera, dzanja limayabwa kufuna kutakasa. Nthuli ikafiira bwino imamasuka yokha pa chiwaya, ikamakakamira ndiye kuti nthawi yake sinakwane.

Mudzamva ophika ena akunena kuti kukazinga nyama pamoto waukulu kumatsekera msuzi mkati. Ganizoli linafalitsidwa ndi katswiri wa ku Germany, Justus von Liebig, m'zaka za m'ma 1800, ndipo linatsutsidwa kalekale. Kulira kwa chiwaya komwe mumamvako ndi madzi akutuluka mu nyama. Timakazinga chifukwa cha kukoma ndi fungo basi.

Malawi a moto omwe amabuka m'chiwaya pa TV musawayesere. Ndipo mafuta akayaka mwangozi, zimitsani chitofu, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo. Musathire madzi, moto umalumpha mpaka kudenga.

Chachisanu: funsani kuti kapu yake ndi ya kuti

Kapu ya ku America ndi mamililita pafupifupi 237, ya ku Australia ndi 250. Supuni yaikulu m'maiko ambiri ndi mamililita 15, ku Australia ndi 20. Wophika wa ku America akati uvuni ukhale pa 350, akunena madigiri a Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 180 a Celsius. Pa msuzi kusiyanaku sikudetsa nkhawa. Pa keke ndi buledi kumawononga, ndipo ngati mumakonda zophika mu uvuni, kasikelo kakang'ono kakuthandizani kuposa chipangizo china chilichonse chonyezimira chomwe pologalamu ikutsatsa.

Chachisanu ndi chimodzi: lawani

Kamera ilibe lilime, ilibenso mphuno. N'chifukwa chake pa TV amalimbikira maonekedwe: kanthuli kamodzi pakati pa mbale yaikulu, timadontho ta msuzi, kaduwa koikidwa ndi kopanira. Zokongola ndithu, ngakhale ine ndikaona mbale zoterezi ndimaganiza za munthu amene wabwera ndi njala.

Inu muli ndi lilime, ligwiritseni ntchito. Thirani mchere pang'onopang'ono kuyambira poyamba, mukulawa, m'malo mothira wonse kumapeto. Chakudya chikamamveka chozizira mkamwa koma mchere uli wokwanira, yesani madontho a ndimu kapena viniga. Nthawi zambiri chosowa chimakhala kuwawasa.

Ndinenepo ichi: anthu ena akaonera mapologalamuwa amayamba kunyoza maphikidwe omwe anakulira, ati ngachikale. Komatu munthu wamkulu amene waphikira banja zaka 30 osayezapo kanthu amadziwa za moto ndi mchere zomwe oweruza a pa TV amafuna mwa opikisana. Kusiyana kwake n'koti sanazipatse maina a Chifalansa. Mukapeza mpata imani pambali pake akamaphika, mumuyang'ane manja monga momwe mumachitira ndi kanema uja.

Chachisanu ndi chiwiri: chitani zaukhondo zomwe kamera imadumpha

Kusamba m'manja sikukoma kuonera, ndiye amakudula. Inu sambani ndi sopo mukagwira nyama yaiwisi, ndipo thabwa ndi mpeni zomwe zadula nkhuku zisakhudze masamba odya osaphika musanazitsuke. Bungwe loona za chakudya ku Britain la Food Standards Agency linachenjeza anthu mu 2014 kuti asamatsuke nkhuku yaiwisi pampopi, chifukwa madzi othovoka amamwaza tizilombo totchedwa Campylobacter pa mbale ndi zovala. Chomwe chimapha tizilombo ndi moto. Nkhuku ipse mpaka mkati, madigiri 74 a Celsius ngati muli ndi choyezera, ndipo pafupi ndi fupa pasakhale pofiira. Zotsala, makamaka mpunga, zilowe mu furiji pasanathe maola awiri.

Chomaliza: sankhani chakudya chimodzi, muchibwereze

Pologalamu iliyonse imabwera ndi chakudya chatsopano, ndipo mukamathamangira chilichonse simudziwa n'chimodzi chomwe. Yambani ndi mazira okazinga. Ndi otchipa poyerekeza ndi nyama, amapsa m'mphindi ziwiri zitatu, ndipo sabisa cholakwa: moto ukachuluka amauma n'kununkha, ukachepa amamata. Aphikeni lero, mawa musinthe chinthu chimodzi chokha, kaya moto, kaya mafuta, kaya nthawi yothira mchere, ndipo mulembe penapake zomwe zasintha. Achotseni pamoto akadali onyowa pang'ono pamwamba, chifukwa kutentha komwe ali nako kumapitiriza kuwaphika ali m'mbale. Mazira akayamba kutuluka mofanana masiku atatu otsatizana, pitani pa anyezi uja, ndipo ulendo uno muike wotchi yanu pambali pa chitofu.