Kutenga ndi kunyamula magazi oyeza CD4 kuti nambala ituluke yoona

Ndimagwira ntchito mu labotale kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo machubu ambiri amene ndimalandira amabwera pa njinga yamoto kuchokera ku zipatala zing'onozing'ono za kumidzi. Ndikulembera anamwino atsopano, anzanga a mu labotale, ndi achinyamata amene amanyamula magazi, chifukwa nambala ya CD4 imene dokotala amawerenga imayamba kupangidwa m'manja mwanu, makina asanayatsidwe n'komwe.

Choyamba dziwani chimene chili mu chubumo. Asilikali a m'thupi ali m'magulu angapo, ndipo gulu la CD4 ndi limene limadzutsa ndi kutsogolera anzawo matenda akalowa. Kachirombo ka HIV kamalowa m'maselo amenewa, kuswana m'menemo, n'kuwapha. Munthu wamkulu wathanzi amakhala ndi maselo a CD4 pakati pa 500 ndi 1,500 mu maikrolita imodzi ya magazi, kadontho kochepa zedi. Makina akuluakulu amawawerenga motere: magazi amasakanizidwa ndi mankhwala owala amene amamatirira pa zizindikiro ziwiri za pakhungu la selo, CD3 ndi CD4, kenaka maselo amadutsa limodzilimodzi kutsogolo kwa kuwala kwa laser. Zizindikirozo zimafunika ziwiri chifukwa pali maselo ena, mamonosaiti, amene alinso ndi CD4 pang'ono koma alibe CD3. Ndiye kuti makina amawerenga maselo athunthu okhaokha. Selo likasweka, likagwirana ndi anzake m'chibuluma, kapena likapsa ndi dzuwa panjira, silimawerengedwa bwino, ndipo pepala limatuluka ndi nambala imene si ya munthuyo.

Musanagwire singano, funsani wodwala mafunso awiri kapena atatu. Amayi, mwamva kutentha thupi sabata ino? Mukumwa mankhwala ena kupatula a TARV, aja a HIV? Malungo ndi matenda ena obwera mwadzidzidzi amatsitsa nambala kwa kanthawi, ndipo mankhwala a mtundu wa prednisolone amaisinthanso. Musamubweze munthu chifukwa cha zimenezi, tengani magazi ndithu, koma lembani pa fomu kuti wowerenga adziwe. Nambala imasinthanso ndi nthawi ya tsiku, imakhala yotsikirapo m'mawa n'kukwera usiku, n'chifukwa chake ndi bwino munthu mmodzi azitengedwa magazi nthawi yofanana ulendo uliwonse.

Chubu chake ndi chija cha chivindikiro chofiirira ngati duwa la mbatata, cha EDTA, mankhwala oletsa magazi kugwirana. Onani tsiku lake lothera ntchito. Lamba womanga pamkono asapitirire mphindi imodzi, ndipo dikirani kuti mankhwala opukutira pakhungu aume musanabaye. Ngati mukutenga machubu angapo, cha EDTA chibwere pambuyo pa chofiira ndi chobiriwira, chifukwa EDTA ikalowa m'machubu enawo imasokoneza zoyeza zawo. Dzazani mpaka pa mzere. Mankhwala a m'chubu anayezedwa molingana ndi magazi ofika pamzerewo, ndipo magazi akachepa kwambiri maselo amakwinyika.

Kenaka chinthu chimene chimataya machubu ambiri kuposa china chilichonse: kusakaniza. Mukangochotsa chubu pa singano, chitembenuzeni mutu pansi mutu m'mwamba pang'onopang'ono, maulendo 8 mpaka 10. Nthawi yomweyo, osati mukamaliza kumata thonje ndi kulemba m'buku. Osakhutchumula, chifukwa maselo ofiira amasweka ndipo thovu limadzaza. Kachibuluma kochepa kwambiri ka magazi ogwirana kamakola maselo oyera mkati mwake, nambala n'kutuluka yotsika, ndiponso kamatseka kanjira kopyapyala ka m'makina mpaka ntchito ya tsiku lonse kuima. Ine chubu chilichonse ndimachiyang'anitsitsa pa kuwala ndisanachilandire, ndipo cha chibuluma ndimachikana ngakhale chachokera kutali bwanji. Zimandipweteka mtima, pakuti ndimadziwa kuti mwini wake adzayendanso ulendo wina wosiya munda, koma kumupatsa nambala yabodza n'kumulakwira koposa.

Lembani chubu wodwala ali pomwepo akuona: dzina, NID yake (nambala ya wodwala ya pa khadi la chipatala), tsiku, ndi ola limene mwatenga magazi. Ola limeneli anthu amaliiwala kawirikawiri, chikhalirecho ndi limene limandiuza ngati magazi akadali oyenera kuyeza. Kwathu kuno a Banda ndi a Phiri ndi ochuluka, ndiye NID muiwerenge kuchokera pa khadi, osati pamtima.

Tsopano za panjira, pamene pali msampha weniweni. Tonse tinaphunzitsidwa ndi katemera kuti chinthu cha chipatala chimafuna kuzizira, ndiye dzanja limangopita lokha ku furiji ndi ku ayezi. Magazi a CD4 safuna zimenezo. Amafuna kutentha kwa m'chipinda chabwino, pafupifupi madigiri 18 mpaka 25. Akakhala mu furiji maselo amasintha, akauma ndi ayezi amaswekeratu ndipo palibenso chowerenga. Koma kutentha nakonso kumawapha. Kuno kumtunda kwa Ulónguè ndi Tsangano nyengo imatithandiza miyezi yambiri, kungoti m'mawa wa Juni ndi Julayi kumazizira zoti chubu chisagone pawindo. Wotsika ndi magazi kudzera Moatize kupita mu mzinda wa Tete, ulendo wa makilomita oposa 200, akulowa m'dziko lina, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Nthawi imeneyo ikani machubu choimirira m'choikamo chake, kulungani ndi pepala kapena thonje lomwa madzi ngati chimodzi chitasweka, tsekani m'kabokosi kapena m'thumba la pulasitiki lolimba, ndipo zonsezo zilowe m'bokosi lija lonyamulira zozizira. Ngati mwaikamo paketi yoziziritsa, ikhale yozizira chabe, yosauma gwa, ndipo pakati pa iyo ndi machubu pakhale katoni kapena nsalu yokhuthala. Mafomu akhale m'thumba lawolawo.

Achimwene a njinga yamoto, bokosi limangidwe chilili, kutali ndi paipi ya utsi, ndipo pansi pake pakhale chofewa chochepetsa kugwedezeka m'misewu yathu ya mabampu. Mukaima pa msika, liikeni pamthunzi. Makina ambiri amafuna magazi osapitirira maola 48 chitengereni, ena ochepera pamenepo, ndiye funsani labotale yanu malire a makina awo. Lachisanu masana, imbani foni kaye musanabaye munthu, mumve ngati pali wodzalandira.

Musasokoneze malamulo a CD4 ndi a carga viral, ngakhale chubu n'chofanana. Carga viral imayeza kuchuluka kwa kachirombo, ndipo ingayezedwe pa madzi a magazi olekanitsidwa n'kuziziritsidwa, kapena pa madontho owumitsidwa pa kapepala ka DBS. CD4 singayezedwe pa magazi ouma, pakuti imafuna maselo amphumphu. Ngati munthu akufunika zonse ziwiri, tengani machubu awiri, chilichonse chiyende njira yake.

Pamene pali kamakina kakang'ono ka Pima koyeza CD4 pomwepo pa dontho la magazi a chala, vuto la ulendo limatha koma limabwera la chala. Kamafuna magazi okwana mamaikrolita 25 ndipo kamapereka yankho m'mphindi 20. Dzanja la wodwala likhale lofunda, auzeni alipukuse kapena alifikise kaye. Bayani mokwanira m'mbali mwa nsonga ya chala, pukutani dontho loyamba, ndipo lolani lachiwiri lidzitulukira lokha. Mukafinya chala mwamphamvu, madzi a m'minofu amasakanikira ndi magazi ndipo nambala imatsika. Katiriji idzaze popanda mpweya, itsekeni, ilowe m'makina osachedwa. M'mawa uliwonse yambani ndi makatiriji awiri oyesera, wa nambala yotsika ndi wa nambala yabwino, ndipo akatuluka kunja kwa malire musayeze munthu tsiku limenelo mpaka vuto litapezeka. Palinso kachipangizo ka Visitect kosafuna magetsi, kamene kamangonena ngati munthu ali pamwamba kapena pansi pa 200, pakatha mphindi pafupifupi 40. Pamenepo wotchi ndiye mbuye, chifukwa gawo lililonse lili ndi mphindi zake.

Njira yoyeza pomwepo ili ndi mbiri ya dziko lathu lino. Mu 2011 ofufuza a Instituto Nacional de Saúde, motsogozedwa ndi Ilesh Jani, anafalitsa m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet zimene anapeza m'zipatala zazing'ono za Mozambique: CD4 itayamba kuyezedwa pomwepo, anthu osowa asanadziwe nambala yawo anatsika kuchoka pa 57 mwa 100 alionse kufika pa 21. Masiku amenewo nambala ndiyo inkatsegula khomo la mankhwala. Kuyambira 2015 bungwe la WHO linalangiza kuti aliyense wopezeka ndi kachirombo ayambe mankhwala osadikira nambala, ndipo Mozambique inayamba kutsata zimenezi mu 2016. Anzanga ena anamva ngati CD4 yatha ntchito. Ine ndimatsutsa zimenezo ndi mtima wonse. Munthu wofika mochedwa, kapena amene anasiya mankhwala ali ku migodi ya malasha kapena kutsidya kwa malire n'kubwerera patapita chaka, angathe kulowa akuyenda yekha, akuseka, chikhalirecho maselo ake ali 60. Carga viral siingakuuzeni zimenezo.

N'chifukwa chake nambala yochepera 200 siyenera kugona mu envelopu kudikira njinga ya sabata yamawa. Imbani foni tsiku lomwelo. Munthu ameneyo ali m'gulu la matenda ofika patali, ndipo pali zoyenera kuchitika msanga: kuyeza mkodzo ndi TB-LAM komanso makhololo pofufuza chifuwa chachikulu, kuyeza magazi ndi CrAg pofufuza kriptokokasi, fangasi amene amatupitsa zokuta ubongo (makamaka nambala ikatsika pansi pa 100), ndi kuyamba cotrimoxazole, mankhwala oteteza ku matenda ena. Ngati magazi a EDTA atsala, CrAg ingayezedwe pa omwewo, munthu osabayidwanso. Kwa ana osakwana zaka 5 musagwiritse malire a akuluakulu. Ana amakhala ndi maselo ambiri mwachibadwa, ndiye nambala yooneka yokwera ingakupusitseni, ndipo kwa iwo timayang'ana peresenti.

Mukamafotokozera wodwala zotsatira, dziwaninso mmene maselowa amachitira mankhwala akayamba. Mwa maselo onse a mtundu umenewu m'thupi, amene ali m'magazi ndi ochepa kwambiri, pafupifupi 2 mwa 100, ambiri amakhala m'mwanabere, m'kapamba ndi m'matumbo. M'miyezi yoyamba ya TLD, piritsi la TARV, nambala imakwera msanga chifukwa maselo amene anali atakodwa m'mwanabere amabwerera m'magazi. Pambuyo pake kukwera kumachedwa, makumi angapo mpaka zana ndi kanthu pa chaka, pakuti tsopano thupi likupanga atsopano. Amene anayamba ali pansi kwambiri mwina sadzafika pa 500, ndipo si kuti akuzemba mankhwala. Ngati carga viral yake siikuoneka, mulimbikitseni, musamukalipire. Ndipo kusiyana pang'ono, monga 420 lero pamene ulendo watha inali 460, ndi kusinthasintha kwa masiku onse, kusamuchititse mantha.

Pali chinanso chimene mabanja amadabwa nacho. Munthu amene anayamba mankhwala maselo ali otsika kwambiri nthawi zina amadwala koposa m'masabata oyamba: kutentha thupi, mwanabere kutupa, chifuwa kukula, mutu kuwawa. Asilikali amene akudzuka apeza TB kapena kriptokokasi zimene zinabisala, n'kuyamba kulimbana nazo mwaukali. Madokotala amati IRIS. Achibale amaganiza kuti mankhwala amukana kapena wina wamuchita chipongwe, n'kumusiyitsa. Auzeni zisanachitike kuti zikatero abwere naye kuchipatala tsiku lomwelo, mapiritsi ali m'manja, osasiya kumwa okha. Mutu wowawa kwambiri, khosi louma kapena kusokonezeka maganizo si zodikira m'mawa. N'chifukwa chakenso wopezeka ndi kriptokokasi wa mu ubongo amayamba walandira mankhwala a matendawo, TARV n'kudikira masabata 4 mpaka 6. Magulu a GAAC, a anthu omwa TARV osinthana kupita kuchipatala kukatengera anzawo mankhwala, amene anayambira m'chigawo chathu chino cha Tete mu 2008 mothandizidwa ndi Médecins Sans Frontières, ndi malo abwino okambirana zimenezi, chifukwa mamembala amaonana kumudzi sabata ndi sabata ndipo amazindikira msanga mnzawo akasintha.

Ena a inu mudzapemphedwa tsiku lina kutenga magazi a kafukufuku, monga amachitira ku Centro de Investigação em Saúde de Manhiça, malo amene anatsegulidwa mu 1996 ndipo amafufuza malungo, TB ndi HIV. Kumeneko sangowerenga maselo, amafuna aone mmene amachitira akakumana ndi kachirombo kapena katemera, ndiye ayenera kufika amoyo ndi amphamvu. Maselo oyera amalekanitsidwa pozunguza magazi pamwamba pa madzi olemera otchedwa Ficoll, kawirikawiri pasanathe maola 8. Amaikidwa m'mankhwala a DMSO owateteza, kuziziritsidwa pang'onopang'ono pafupifupi digiri imodzi pa mphindi, kenaka kusungidwa mu naitrojeni yamadzi imene imafika madigiri 196 pansi pa ziro. Chubu chake chingakhale cha mtundu wina, monga chobiriwira cha heparin, ndiye tsatani pepala la kafukufukuyo mzere ndi mzere, musadalire chizolowezi. Pa chubu pamalembedwa nambala ya kafukufuku m'malo mwa dzina. Ndipo musabaye munthu amene sanafotokozeredwe m'chinenero chake zimene magazi ake akukachita, n'kuvomera yekha posaina kapena podinda chala pamaso pa mboni.