Musanakangane za AI pa dipatimenti, yambani mwaiyesa

Msonkhano wa aphunzitsi a pa yunivesite ukatsegulidwa ndi funso lakuti "kodi AI (mapulogalamu a kompyuta otsanzira nzeru za munthu) ndi yabwino kapena yoipa?", umatha osaphulapo kanthu. Wa sayansi amatchula AlphaFold, pulogalamu yolosera kapangidwe ka mapuloteni yomwe inachititsa kuti Demis Hassabis ndi John Jumper alandire nawo mphoto ya Nobel mu 2024. Wa zamalamulo amamubwezera ndi nkhani ya maloya a ku New York omwe mu 2023 analipitsidwa madola 5,000 atapereka kukhoti milandu yomwe ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso, inangopeka. Onse akunena zoona, koma akukamba zida zosiyana pa ntchito zosiyana.

Choncho chepetsani funso. Litchule pulogalamu, ntchito imodzi ndi anthu omwe ikuwakhudza: "Kodi pulogalamu yakutiyakuti ingachonge mayankho aafupi a ophunzira a chaka choyamba monga amachongera mphunzitsi?" Lotere yankho lake limapezeka m'masabata ochepa.

Kayesedwe kake

Sonkhanitsani mayankho 200 kapena kuposa, muchotse mayina ndi manambala a ophunzira, ndipo mupite kaye ku komiti yovomereza kafukufuku. Makampani ena amasunga zomwe mwaika m'pulogalamu yawo n'kuphunzitsira makina, ndiye ntchito za ophunzira si zongoponyamo.

Aphunzitsi awiri achonge mayankho onse, aliyense payekha, osaona malikisi a mnzake kapena a makina. Ambiri amathamangira kuyerekeza makina ndi munthu asanaone ngati anthu awiriwo akugwirizana. Ngati akusiyana pa yankho limodzi mwa atatu alionse, vuto lili pa ndondomeko yochongera, ndipo mulibe muyezo woti muyezere makinawo. Konzani ndondomekoyo kaye.

Yankho lililonse liperekeni ku pulogalamu katatu kapena kasanu, chifukwa zidazi zimasankha mawu mwamaere pang'ono, moti pepala lomwelo likhoza kulandira malikisi osiyana. Lembani tsiku, mtundu wa pulogalamu ndi mawu enieni omwe munailamula nawo, pakuti makampani amasintha zida zawo pafupipafupi ndipo zomwe mwapeza mu Malichi mwina sizingatulukenso mu Seputembala. Mafunso omwe ali kale pa intaneti apeweni: mwina makina anawaona pamodzi ndi mayankho ake, ndiye mungakhale mukuyesa kuloweza chabe.

Gawani zotsatira

Chiwerengero chimodzi cha gulu lonse chimabisa omwe akupwetekedwa. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu atatu ouza ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena mkazi. Pa amuna oyera khungu kulakwa sikunapitirire 0.8 peresenti, koma pa akazi akuda kunafika 34.7 peresenti. Inunso onani payokha magulu monga olemba m'chinenero chomwe sanabadwe nacho, olemba zazifupi ndi olemba zazitali.

Zida zofufuza ngati nkhani yalembedwa ndi AI ndi zomwe zimapweteka kwambiri apa. Mu 2023 ofufuza a ku Stanford anapatsa zida 7 zotere nkhani 91 zomwe anthu analemba pa TOEFL, mayeso a Chingerezi a anthu omwe sanabadwe nacho, ndipo zoposa theka zinkaweruzidwa kuti ndi za makina. Chifukwa chake n'chosavuta: wophunzira Chingerezi amagwiritsa ntchito mawu ozolowereka, ndipo chidacho chimayesa kuti kulemba kotere ndi kwa makina. Ngakhale OpenAI, kampani yomwe inapanga ChatGPT, inachotsa chida chake chofufuzira mu Julayi 2023 chifukwa chinkalakwa kwambiri.

Kampani ikanena kuti chida chake chimalakwa 1 peresenti yokha, muchulukitse ndi mapepala anu. Yunivesite ya Vanderbilt ku United States inachita masamu amenewa: pa mapepala 75,000 omwe inatumiza mu 2022 ku Turnitin, kampani yomwe ili ndi chida chofufuzira chotere, pafupifupi 750 akanatha kunamiziridwa. Inazimitsa chidacho mu Ogasiti 2023.

Tsiku la mtsutso

Tumizani zotsatira kutatsala sabata. Pa bolodi pakhale mbali ziwiri: mfundo zomwe manambala angathetse, ndi zomwe zikufuna kuti anthu asankhe. Mikangano yambiri imatalika chifukwa chosokoneza ziwirizi.

Nkhani ya COMPAS, chida chomwe makhoti ena a ku United States amagwiritsa ntchito polosera ngati woimbidwa mlandu adzapalamulanso, imaonetsa bwino zimenezi. Mu 2016 atolankhani a ProPublica anapeza kuti mwa anthu omwe sanapalamulenso, akuda ankaikidwa m'gulu la oopsa pafupifupi kawiri kuposa azungu. Kampani ya Northpointe, yomwe inapanga chidacho, inayankha kuti mwa onse oikidwa m'gulu la oopsa, akuda ndi azungu ankapalamulanso mofanana ndithu. Mbali zonse ziwiri zinawerengera bwino. Kenaka Jon Kleinberg ndi anzake, komanso Alexandra Chouldechova payekha, anaonetsa ndi masamu kuti ngati magulu awiri akusiyana pa kuchuluka kwa omwe amamangidwanso, chida chomwe chimalakwako sichingakwanitse mitundu yonse iwiri ya chilungamo nthawi imodzi. Funso lotsala ndi lakuti kulakwa kuti kukuposa kunzake: kuvutitsa wosalakwa kapena kuphonya wolakwa? Limeneli akatswiri a makompyuta sangaliyankhe okha. Itanani a zamalamulo, a filosofi ndi oimira ophunzira.

Wolankhula aliyense anene zomwe zingamusinthe maganizo. Amene palibe chingamusinthe wabwera kudzalalikira, ndipo wapampando asamupatse nthawi yambiri. Omwe amalandira ndalama za kafukufuku ku makampani a AI aulule poyambirira pomwe.

Nkhani yakuti AI ingadzaopseze mtundu wonse wa anthu, yomwe akatswiri a AI Geoffrey Hinton ndi Yoshua Bengio anasaina nawo chikalata chochenjeza mu Meyi 2023, ndi yofunika kuikambirana, koma ipatseni tsiku lake. Singayesedwe ndi mapepala 200, ndipo ikalowa imadya msonkhano wonse.

Chigamulo chilembedwe pa tsamba limodzi: zololedwa, zoletsedwa, mphunzitsi yemwe adzayankhe makina akalakwa, ndi komwe wophunzira angakadandaule. Pa zolemba za kafukufuku, tsatirani zomwe magazini ya sayansi ya Nature inanena mu Januwale 2023, kuti AI singalembedwe ngati mlembi chifukwa singayankhe pa zomwe zalembedwa, koma woigwiritsa ntchito afotokoze mmene anaigwiritsira. Pansi pa tsambalo lembani tsiku lomwe chigamulocho chidzathere, lisapitirire semesita imodzi, ndipo musunge mayankho 200 aja kuti mudzayeserenso mtundu watsopano wa pulogalamu.