Momwe Mungakhazikitsire Nkhokwe Imodzi ya Khodi ya Mapulogalamu a Laibulale

Okonza mapulogalamu a m'malaibulale amabwerezabwereza ntchito zomwe anzawo anazimaliza kale. Wina amatha masiku akulemba khodi yosamutsira mndandanda wa mabuku kuchokera mu Excel kupita mu MARC21 (kalembedwe kokhazikika ka mndandanda wa mabuku pa kompyuta) kuti ulowe mu Koha, pulogalamu yoyendetsera laibulale, chonsecho mnzake wa ku laibulale ina ali nayo pa kompyuta yake. Nkhokwe imodzi yomwe onse amaikamo ndi kutengamo khodi imathetsa zimenezi, bola ikhale ndi malamulo kuyambira tsiku loyamba.

Poyamba, gwiritsani ntchito Git, pulogalamu yomwe Linus Torvalds anaiyambitsa mu 2005, chifukwa imasunga mbiri ya kusintha kulikonse pamodzi ndi dzina la amene wasintha. Pa GitHub kapena GitLab, mawebusaiti osungirako nkhokwe za Git, tsegulani akaunti ya gulu lonse, osati ya munthu mmodzi, ndipo oyang'anira akhale awiri kapena atatu, pakuti munthu akasiya ntchito sayenera kupita ndi nkhokwe yonse.

Kenako sankhani laisensi musanaikemo kalikonse. Ambiri amaidumpha mfundoyi poganiza kuti ndi nkhani ya maloya, koma khodi yopanda laisensi, ngakhale ili poonekera, mwalamulo ena sangaigwiritse ntchito momasuka. Koha ili pansi pa laisensi ya GPL ya nambala 3, choncho khodi yosintha Koha yeniyeniyo itsatire yomweyo.

Gawani mafoda molingana ndi pulogalamu: ya Koha payokha, ya DSpace (pulogalamu yosungira zolemba za pa kompyuta) payokha, zida za MARC pazokha. Foda iliyonse ikhale ndi fayilo ya README yofotokoza ntchito ya khodiyo, momwe mungaiyendetsere, komanso Koha yake yomwe inayesedwapo. Izi n'zofunika chifukwa Koha yatsopano imatuluka kawiri pa chaka, mu Meyi ndi mu Novembala, ndipo zomwe zinkayenda bwino pa Koha 22.11 zikhoza kukana pa Koha 24.05.

Apa ndiye pofunika kusamala kwambiri. Laibulale imasunga mayina a owerenga, manambala awo a foni, ndi mabuku omwe anabwereka, ndipo zonsezi zisalowe m'nkhokwe ngakhale ngati chitsanzo. Poyesera khodi pekani mayina ongoganizira. Fayilo ya koha-conf.xml imakhala ndi pasiwedi ya database, motero ilembeni mu .gitignore (mndandanda wa mafayilo omwe Git sayenera kusunga) musanapange commit yoyamba, kutanthauza musanasunge kalikonse mu Git. Pasiwedi ikangolowa, kuifufuta sikokwanira chifukwa Git imaisungabe m'mbiri. Isintheni nthawi yomweyo.

Pomaliza, pasakhale wolemba mwachindunji mu branch yaikulu, momwe mumakhala khodi yovomerezeka. Aliyense atumize pull request (pempho loti khodi yake ilowe m'nkhokwe), ndipo wina wa ku laibulale ina aiyese pa makina ake asanaivomereze. Umu ndi momwe Koha, yomwe inayamba mu 1999 ku Horowhenua m'dziko la New Zealand, imachitira mpaka lero: khodi yatsopano imayesedwa ndi munthu wina osati mlembi wake, kenako imadutsa kwa gulu loona za ubwino wake isanalowe. Gulu lanu likakhala laling'ono, woyesa mmodzi ndi wokwanira, koma alembe pa pull request pomwepo Koha yomwe wayeserapo ndi zomwe wapeza.