Kugwiritsa ntchito agalu posintha khalidwe la achinyamata olakwira malamulo

Njirayi si yachilendo. Ku Woodburn m'chigawo cha Oregon ku America, Joan Dalton anayambitsa Project POOCH mu 1993 pa malo osungira achinyamata a MacLaren, ndipo ku ndende ya achinyamata ya Polmont ku Scotland, Paws for Progress inayamba mu 2011. Konseku anyamata akhala akuphunzitsa agalu osowa mwini kufikira atapeza banja lowatenga. Chimene chimasintha mnyamata si kusisita galu ayi. Galu womenyedwa kapena kukalipiridwa amangochita mantha osaphunzira kanthu, choncho mnyamata wa mtima wapachala amakakamizika kuugwira mtima tsiku ndi tsiku.

Yambani ndi galu. Dokotala wa ziweto amupime, amubaye katemera wa chiwewe, amupatse mankhwala a njoka zam'mimba ndi a nkhupakupa. Galu amene amadzuma munthu akayandikira mbale yake musamutenge. Kwa anyamata, amene ali ndi mbiri yozunza nyama asalowe nawo.

Galu mmodzi akhale ndi anyamata awiri, kuti wina akadwala kapena akatulutsidwa ntchito isaime. Phunziro lisapitirire mphindi 10 kapena 15, kawiri kapena katatu patsiku, mlangizi wodziwa agalu ali pomwepo. Ayambe ndi "khala", kenako "bwera", kenako kuyenda pachingwe osakoka. Mphotho ikhale kachidutswa ka nyama kochepa ngati nyemba, ndipo iperekedwe pasanathe masekondi awiri galu atachita bwino. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: akachedwa, galu amayesa kuti akumuyamikira chifukwa chodzuka, osati chokhala pansi. Mnyamata amayamba kunena kuti galuyo ndi wopusa, mkwiyo n'kubwera. Mlangizi amuimitse, amufunse chimene iye mwini wachita, ayambirenso.

Aphunzitseni kuwerenga galu. Kuyasamula, kunyambita milomo, kutembenuzira mutu kumbali ndi kupinda mchira ndi zizindikiro zoti watopa kapena akuopa, apumitsidwe. Wina akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako kuchipatala.

Tsiku limene galu adzachoke linenedwe poyambirira. Kusiyana naye mwadzidzidzi kumawawa, ndipo kwa mwana amene anasiyidwapo ndi makolo kumadzutsa zakale.

Pomaliza payezedwe zotsatira mosadzinyenga. Lembani ndewu ndi zilango za mnyamata aliyense asanayambe ndi atamaliza, n'kuyerekeza ndi anzake amene akudikira mwayi wawo. Mukasankha ofatsa okhaokha ziwerengero zidzaoneka zokongola, koma sizidzakhala chifukwa cha galu.