Bilu ya magetsi yakwera koma nyumba ikufunda bwinobwino? Momwe mungafufuzire geothermal yanu

Abale amene mwalowa kumene m'nyumba ya geothermal kuno ku Indiana, izi muzidziwiretu chisanu chisanafike pachimake. Makinawa amakoka kutentha kwa pansi pa nthaka kudzera m'mapaipi amadzi okwiriridwa panja, paja pansipo pamakhala madigiri 50 mpaka 55 Fahrenheit chaka chonse ngakhale pamwamba pali snow. Yuniti imodzi ya magetsi imakupatsani kutentha kokwana mayuniti atatu kapena anayi. Koma mkati momwemo mulinso ma heat strips, mawaya ngati a hotplate aja, ntchito yawo ndi yongothandizira, ndipo amadya magetsi zoopsa, a 10 kW akayaka ola limodzi mayuniti 10 apita.

Chowawa n'chakuti heat pump, makina okoka kutentha aja, ikazima yokha ma strips amangopitiriza mwakachetechete, nyumba ikufunda, inu mudzadziwira pa bilu. Ine zinandichitikira January wina ndipo mpaka pano zimandipweteka.

Yambani ndi thermostat. Ikalemba AUX, kutanthauza kuti ma strips ayaka kuti athandizire, kwa kanthawi usiku wozizira kwambiri palibe vuto, koma tsiku lonse ndiye pali chinachake. Ikalemba EM HEAT ndiye kuti heat pump yazimitsidwa dala ndipo akufunditsa ndi ma strips okha, mwina mwana anadina, ibwezereni pa HEAT.

Kenako sololani fyuluta ya mpweya. Ikatsekeka ndi fumbi mpweya sudutsa ndipo makina amadzizimitsa okha podziteteza. Muziyiona mwezi uliwonse.

Mukatero tsikirani ku basement mukamvetsere. Compressor, injini ya mkati mwa heat pump, ikulira? Nanga kapampu koyendetsa madzi, mukakagwira kakunjenjemera? Ngati madzi a makina anu amachokera pa chitsime, onaninso kasefa ka pa paipi, kamadzaza mchenga. Kanyali ka pa makinawo kakamathwanima kajambuleni kaye pa foni, chifukwa kathwanimidweko ndi kamene kamauza technician chomwe chavuta. Ndiye zimitsani breaker ya makinawo, dikirani mphindi 5, yatsaninso. Kamodzi kokha chonde, kubwerezabwereza kumapha compressor. Heat pump ikazimanso ikani thermostat pa EM HEAT kuti mapaipi a m'nyumba asaundane, muitane technician. Bokosi la makinawo osatsegula, muli ma volts 240.

Chizolowezi chathu chozimitsa zinthu pogona kuti tisunge mayuniti apa chimatiluzitsa. Mukatsitsa kwambiri usiku n'kukweza kamodzin'kamodzi m'mawa, thermostat imaitana ma strips kuti ifulumire. Isiyeni pamodzimodzi, mukafuna kukweza kwezani digiri imodzi, dikirani ifike, kenako ina.